Kapulasitiki Kamene Ndinaika M'kamwa mwa Bana Chanda

Nditamaliza maphunziro ojambula odwala, ndinakhala ku Kabwata zaka ziwiri ndikungotha nsapato ndi makalata ofunsira ntchito. Amene anandipezera malo ndi azakhali anga, omwe ankasita zovala kunyumba kwa dokotala wina ku Kabulonga. Dipuloma yanga inalowera khomo la kukhitchini, ndipo manyazi ndinalibe. Kiliniki ya dokotalayo inali ku Woodlands, itangogula kumene makina a MRI, aja ojambula mkati mwa thupi ndi maginito.

Wondiyang'anira anali ba Mulenga, mayi wosaseka wamba. Anandiphunzitsa kuchotsa chitsulo chilichonse pa wodwala, ndolo, makiyi, ngakhale timapini ta m'wigi. Kenako anandionetsa kajambulidwe ka mfundo ya nsagwada, kutsogolo kwa khutu, pamene chibwano chimalumikizana ndi chigaza. M'mfundomo muli kachicherewecherewe kotchedwa disiki, ndipo kakachoka pamalo pake kutafuna ndi kulankhula kumasanduka chilango. Wodwala umamugoneka chagada, n'kuika makoyilo, tizipangizo tokoka chithunzi, pafupi ndi makutu onse awiri. Umajambula atatseka pakamwa, kenako umamulumitsa kapulasitiki kuti akhale choyasama mphindi zingapo. M'dzanja umamupatsa kampira koti afinye zikamuvuta.

Mwezi wanga wachinayi ba Mulenga anapita kumaliro, ndinatsala ndekha. M'mawa umenewo kunabwera Bana Chanda, kapena kuti mayi ake a Chanda, mphunzitsi wa pulayimale wa ku Chelstone, wa msinkhu wa amayi anga. Nsagwada yakumanzere inkawapweteka akalankhula nthawi yaitali, ndipo ankaopa kuti ikaipiratu, ntchito ya m'kalasi yatha.

"Ba mayo, segulani kamwa maningi, mpaka pamene mukwanisa," ndinatero.

Anayasama mpaka misozi kulengeza. Ine, pofuna zithunzi zoti dokotala andiyamikire, ndinasankha kapulasitiki kokulirapo.

"Siibaba?" ndinafunsa, kuti ndimve ngati nsagwada ikuwapweteka.

"Ili che bwino, ba dokota."

Ndinawalumitsa, ndinatseka chitseko, makina n'kuyamba kugunda. Maso anga anali pa kompyuta, pagalasi loonera wodwala sindinayang'anepo. Kampira sikanalire. Nditalowa n'kuchotsa kapulasitiki kaja, pakamwa panakana kutseka. Chibwano chinali chitaguluka, malovu akuyenderera pakhosi, zala za kumapazi zitapindika ngati za nkhuku yophedwa. Ndinathamangira dokotala. Iye anakulunga zala zake zazikulu ndi nsalu, anakankha nsagwada kubwezera m'malo, n'kuwamanga bandeji kuzungulira mutu.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanafinyire kampira. Kulankhula sakanatha, choncho analemba papepala ndi zilembo zokongola za auphunzitsi: "Munali pa nchito. Sininafune kukusokonezani."

Ba Mulenga atabwerako sanakalipe. "Aba bazimai banaphunzisiwa kuti kulila pamenso pa mwamuna ni nsoni," anatero, kutanthauza manyazi. "Iwe unafunsa kamwa. Uziyangana mendo."

Zithunzizo zinatuluka zooneka bwino kuposa zonse zimene ndinajambulapo, disiki ikuoneka poyera kuti inasunthira kutsogolo. Koma chibwano chinayamba kumagulukaguluka, ngakhale poyasamula chabe. Chaka chisanathe ndinamva kuti Bana Chanda asiya kuphunzitsa. Dokotala anati mfundoyo inali yowonongeka kale, mwina zikanachitikabe. Mawu akuti "mwina" amenewo sanandipepuzepo mtima ngakhale tsiku limodzi.

Mpaka lero wodwala wamkulu akandiuza kuti ali bwino, sindimukhulupirira. Ndimayeza ndekha mpata wa pakati pa mano, ndimasankha kapulasitiki kocheperapo, ndipo makina akamagunda ndimayang'ana mapazi. Ntchito ndinaidziwa, koma ndinaiphunzirira pakamwa pa munthu amene ankadyera pakamwapo.

Akanandinenera kwa abwana, kapena kunditukwana, bwenzi nditapepesa mtima n'kukhala pansi. Sanatero. Tsiku lija potuluka, bandeji ili kumutu, anaima pakhomo, anapinda maondo pang'ono n'kuwomba m'manja kundithokoza.