Ng'ombe ya Alamu Anga Yayenda Kuposa Mwini Wake

Loweruka lapitali ndinakana kupereka dzanja kwa alamu anga, ndipo mpaka lero pa Nsaru akuti tauni yandiwononga.

A Gwaza, amuna a mlongo wanga, ndinawapeza m'khola ndi ng'ombe yawo yatsopano yokoka ngolo. Anali ataikweza mchira, akuzula nkhupakupa zonenepa ngati nsawawa, n'kumaziphulitsa ndi chikhadabo. Chala chinali psuu. Atandiona anangopukutira pa buluku, dzanja lomwelo n'kunditambasulira.

Ine manja m'thumba.

"Kodi alamu, mwayamba kunyada eti?"

Ndinawafotokozera za matenda otchedwa Crimea-Congo, amene nkhupakupa zina zimanyamula. Amayamba ngati malungo, kenako magazi m'mphuno ndi m'nkhama, ndipo amapha. Amalowa nkhupakupa ikakuluma, ukaiphwanya ndi manja, kapena ukagwira magazi a chiweto pochipha. Choipa n'chakuti ng'ombeyo sionetsa kudwala, imangodya udzu wake mosatekeseka.

A Gwaza anaseka mpaka kutsamira khola.

"Congo? Ine ngakhale ku Mchinji sindinafikeko! Nanga ku Kirimiyako minibasi yake amakwerera pati?"

Mwaona mmene dzina limatipusitsira? Kumeneko ndi kumene matendawa anayambira kudziwika, osati kumene anathera. Amapezeka m'maiko ambiri a mu Africa muno, kwa Aluya, ku Asia, ndi mbali ina ya ku Ulaya. Nkhupakupa payokha siyenda patali, koma ndi katswiri pokwera ulele: pa ng'ombe, pa mbuzi, ngakhale pa mbalame zouluka kuchokera kutali. Nanga pa boda ndani anaifunsapo pasipoti?

Ndinawafunsa kumene anagula ng'ombeyo. Ati pamsika. Wogulitsayo anaitenga kuti? Kwa mkulu wina wa ku Namitete. Nanga mkuluyo? Ati kwa anyamata ochokera "cha uko," mkono ukuloza kolowera dzuwa.

"Ndiye ng'ombeyi yayenda kuposa inu, alamu."

Sindikunena kuti ng'ombe ya a Gwaza ili ndi matendawa. Sindikudziwa, iwonso sakudziwa, ndipo chimenecho ndiye chimandichititsa mantha. Dipi ya m'dera lawo inauma kalekale, muli achule okhaokha. Yatsala ndi dipi ya chikhadabo. Ndipo tisawaseke okha a Gwaza. Ndi angati mwa ife amene timamva kukoma nkhupakupa ikaphulika? Tikamapha mbuzi ya Khirisimasi, ndani amaganizako za kabala kali pa chala chake?

Zimene ndinalephera ine ndi maiko onse aja, mlongo wanga Nabanda anazitha ndi mpweya umodzi. Anali akumvetsera apo akusenda chinangwa.

"Bambo a Tadala, manja amenewo asandikhudze. Ana anayi ndilera ndi ndani, ng'ombeyo?"

Anawabweretsera majumbo awiri oti avale m'manja, sopo, ndi kachitini ka palafini koponyamo nkhupakupa. Mankhwala opopera akagula Lolemba, watero Nabanda, mwini nyumba. A Gwaza anavala majumbo aja akung'ung'udza, koma anavala.

Potsanzikana, atasamba bwinobwino, ndinawatambasulira dzanja kuti tikhululukirane. Analiyang'ana kumtunda ndi kumunsi.

"Iyayi alamu. Inu mumayendayenda. Tidziwa bwanji kumene dzanja limeneli lachokera?"

Ndinabwerera ndi dzanja langa, mtima uli m'malo. Nanga inu, ng'ombe ili m'khola mwanuyo, mukudziwa kumene inagona isanafike kwanu?