Makiyi ali m'manja, injini ikulirabe

Ine vuto langa ndi kunenerera. Ndikangomva mtengo wa chinthu lilime limayamba kuyabwa, moti ku msika wa Maramba ogulitsa ena akandiona amayang'ana kumbali. Khalidwe limeneli linatsala pang'ono kundiphera lole yomwe imadyetsa banja langa, yonyamula ziboliboli kuchokera kumudzi wa Mukuni kupita nazo ku mathithi kumene kumabwera alendo.

Injini itayamba kufooka pachitunda, makaniko wanga Ba Sitali, mdala wa Chilozi wosakonda zolankhulalankhula, anati tabo yatha. Tabo, inu owerenga, ndi chipangizo chokankhira mpweya mu injini. Anandiuza kogula yabwino. Ine ndinakapeza yakale pamsika, ndipo ndinanenerera mpaka mwini wake anandipatsa ngati akuingitsa ntchentche. Ba Sitali anangoigwedeza ndi chala, nkunena kuti ikusewera, idzataya oilo mkati, iwo saika. Ndinayesa kunenerera nawonso! Anakana. Ndinakaika ndekha kunyumba, pansi pa mtengo wa mango.

M'mawa mwake lole inakwera chitunda ngati yatsopano. Pochokera ku Mukuni, katundu atadzaza tho, ndinapatukira ku galaja kuti mdala aone. Ndinaponda mafuta kawiri modzionetsera. Kachitatu injini inalusa yokha! Phokoso logonthetsa m'kutu, utsi woyera kuphimba msewu, amayi a tomato kuthawa kusiya mabeseni. Ndinazimitsa, nkuzula makiyi. Abale inu, makiyi ali m'manja, injini ikulirabe! Inali ikumwa oilo wake womwe wotayika mu tabo ija, ndipo injini ya dizilo ikafika pamenepo simva makiyi, imathamanga mpaka kuphulika. Ine ndinadumpha nkuima patsogolo pa lole, ndikuionetsa makiyi ngati ichita manyazi.

Ba Sitali anatuluka ali liwiro, anakwera kumbuyo, nkusolola mbale yosema ya mtengo wa mukwa imene ndinkasungira azungu. Anazula chivundikiro cha paipi yopumira injini, nkutseka kukamwa kwake ndi mbaleyo. Mbale inamatirira, lole inatsamwa, inanjenjemera, kenaka zii.

Mdala anatsika, napukuta manja, nati: "Manje bwana, kambani nayo injini, kapena izakuchotselani mutengo."

Galaja yonse inafa ndi kuseka. Nanenso ndinaseka.

Injini inapulumuka, koma mkati munapsa zambiri. Lole inagona pa galaja nyengo yonse ya alendo, anzanga akunyamula katundu wa makasitomala anga, ine ndikukwera minibasi.

Inu owerenga, nenererani tomato, nenererani nsapato. Koma makaniko akagwedeza chitsulo ndi chala nkupukusa mutu, tsekani pakamwa, mukagule chimene wanena.

Mbale ija ili pakhoma kunyumba, ndi mkombero wake wakuda wa oilo. Mzungu wina anaifuna. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, sindinatchule mtengo.