Ankaona Buku, Osati Achimwene

Anandilanda sukulu ndili Fomu 2, kenako anandilanda achimwene anga.

Achimwenewo mutu unawasokonekera bambo atamwalira. Mayi anali ndi fodya kumunda, ndiye wosiya sukulu kuti aziwayang'anira ndinali ine.

Pa kachipatala ka kufupi ndi kwathu, cha kumtunda kwa Nsaru, anamwino oona za matenda a maganizo ankabwera kamodzi pamwezi. Anthu tinkachuluka, iwo ali okha, galimoto ikuwadikira. Choncho panali chizolowezi: wodwala azitsala kunyumba, wachibale azibweretsa buku la kuchipatala. Mabukuwo tinkawaunjika patebulo. Anamwino ankakopera zomwe analemba mwezi watha, n'kutipatsa mapiritsi m'kapepala.

Mwezi wina mapiritsi oyera aang'ono aja anatha. Anandipatsa ena akuluakulu, koma kamwedwe kake komwe kaja, awiri m'mawa, awiri madzulo. Pasanathe sabata, achimwene khosi linauma, dovu likungotuluka. Ankasinza ali chiimire, khasu lili m'manja.

Ndinadikira mwezi wonse, chifukwa masiku enawo panalibe woti n'kumufunsa. Tsikulo litakwana ndinawatengera komweko panjinga, ndinawakhazika pansi pa mtengo wa mango panja.

"Amayi, tawaonani achimwene," ndinatero. "Akungogona."

"Akumenya anthu?" anafunsa anamwinowo, maso ali pabuku.

"Ayi."

"Ndiye ukudandaula chiyani, iwe? Anzako akupempherera zimenezo. Wodwala akagona, mudzi nawo umapuma, eti?"

Pamzere ena anaseka. Anamwinowo panja sanatuluke.

Ndinkawamwetsa ndekha mapiritsiwo, tsiku lililonse, monga ndinauzidwira. Chimenecho ndi chomwe chimandidya mpaka lero.

Loweruka lina ndinapita kuchigayo. Achimwene anatenga ndowa kukathirira mpiru kudimba. Chitsime chathu madzi ake ndi olekeza m'chiuno, mwana amatulukamo yekha. Tinawapeza atagweramo chamutu, ndowa ikuyandama pambali.

Ku maliro anthu ankati misala yawatenga. Mayi anandiletsa kuyankha.

Mwezi wotsatira ndinapitanso ndi buku lija n'kuliika pamulu. Ndinkafuna andifunse kuti wodwala ali bwanji, ndiwauze pamaso pa onse. Dzina la achimwene litaitanidwa, ndinaimirira. Anamwino anatsegula buku, anakopera, n'kundikankhira kapepala ka mapiritsi a mwezi wathunthu, a munthu amene tinamuika m'manda milungu itatu yapitayo.

"Awiri m'mawa, awiri madzulo," anatero. "Wotsatira!"