Onse Adadwala Nthawi Yochepa

Kwathu kwa Kabudula munthu samwalira ndi matenda oipa. Ayi ndithu. Amadwala nthawi yochepa, kenaka Ambuye amamuitana. Ngati mukutsutsa kafunseni a Chakufwa Mbewe, amene akhala akuwerenga mbiri ya malemu pa maliro onse a m'midzi isanu kuyambira chaka cha 1983.

Ntchitoyi sadaipemphe. Idawagwera chifukwa m'mudzi monse ndi iwo okha amene adafika Fomu 2, komanso anali ndi jekete. Jeketeyo ikadalipo, ndi ya bulawuni, ndipo yaika anthu ambiri kuposa makasu a adzukulu. Maliro akangogwa, a Chakufwa amatenga kope ndi bolopeni, amakhala pansi ndi abale a womwalirayo n'kuyamba kufunsa: adabadwa liti, adabatizidwa kuti, wasiya ana angati. Akatero amakakhala paokha kukaiphika mbiriyo. Chidakwa chimatuluka m'kopemo chili "munthu wokonda kucheza ndi anzake". Wakuba mbuzi amasanduka "wolimbikira pa ulimi wa ziweto". Mayi wina wa pakamwa, amene adatukwana mphakati wonse mpaka katekisiti yemwe, adamuika m'manda ali "wolankhula chilungamo mosaopa munthu". Anthu ankalira uku akutsinana. Koma pofika pa za imfa mawu amakhala amodzimodzi, adadwala nthawi yochepa, ngakhale munthuyo adagona pamphasa zaka zitatu.

Makopewo sataya. Alipo makumi anayi ndi awiri, m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi. Akacheza ndi anzawo mokwanira, paja nawonso amacheza, amadziguguda pachifuwa kuti mbiri yonse ya mtundu wawo ili m'manja mwawo.

Mlongo anali naye mmodzi yekha, Sofia. Sofiayo adakwatiwa ndi Nedson, tenanti wochokera ku Thyolo amene adabwera kudzalima fodya pa esiteti n'kukhazikika chikamwini. Adabereka mwana mmodzi, Victoria. Kenaka Sofia adayamba kutupa, mapazi, nkhope, mimba. Mudzi sudachedwe kupeza dzina la matendawo. Mdulo! Mwamuna wayenda ndi mkazi wina, wamudula mkazi wake. Nedson adakana, adalumbira, adalira ngati mwana, koma ndani angamvere munthu wobwera, wopanda ngakhale mbale mmodzi womuimira? Sofia atamwalira mu 1999, a Chakufwa monga mwini mbumba adamusudzula Nedson mawa lake la maliro. Adachoka ndi bulangete ndi wayilesi yopanda mabatire. Za mdulo siziwerengedwa pagulu, ndi zamanyazi, choncho m'kope adalembamo mawu aja a masiku onse.

Victoria, wa zaka zisanu ndi chimodzi, adamulera okha. Apa pokha ndiwayamikire, mwanayo adamukonda zenizeni. Adamuphunzitsa sukulu, adamumangitsa ukwati mu tchalitchi, ndipo akafunsa za bambo ake ankamuyankha kuti munthu amene adapha mayi ako usamamutchule.

Ndiye chaka chatha, fodya atangotha kumisika, Victoria adayamba kutupa mapazi. Mutu sunkaleka, m'mbali mwa msana munkabaya. A Chakufwa adangoyang'ana mapaziwo kamodzi, mtima udawagwa, kenaka adatembenukira kwa mwamuna wake, Owen. Koma abale, Owenyonso adasankha ntchito! Kabaza wa njinga yamoto, munthu amene tsiku lonse akazi a eni ake amamugwira m'chiuno. Umboni wina wofunanso ndi wotani? Adatumiza mawu kwa ankhoswe kuti Loweruka kuli nkhani, mkamwini achoke mwana asanafe.

"Amalume," adatero Victoria, "mukamuchotsa Owen azinditengera kuchipatala ndani? Jekete yanuyo?"

Lachiwiri Owen adamukweza mkazi wake kupita naye kuchipatala cha mishoni. A Chakufwa adakwera nawo kumbuyo, ati kuti aone ndi maso awo. Dokotala anali mayi wachitsikana, wosachedwa ndi malonje. Adayeza bipi ya Victoria, adakweza nsidze, adayezanso. Kenaka adafunsa ngati kumtundu kwawo alipo ena amene adatupa chonchi n'kumwalira asanakalambe. Adati akadziwa zimenezi adziwanso poyang'ana.

A Chakufwa adakonza kolala. "Adokotala, mwafunsa munthu woyenera. Zonse zidalembedwa."

Mawa lake adabwera ndi sutikesi yonse, Owen yemweyo ataimangirira ndi mphira pa njinga. Adatulutsa makope atatu n'kuwatsegula patebulo. Mayi awo, 1984. Malume awo a Yakobo, 1991. Sofia, 1999. Onse atatu adapita asanakwanitse zaka makumi asanu. Dokotala adawerenga loyamba, lachiwiri, lachitatu, n'kuvula magalasi.

"Bambo, mtundu wanu ndi wamwayi. Onse oyera mtima, onse odwala nthawi yochepa. Adalemba zimenezi ndani?"

"Ndine."

"Nanga ankadwala chiyani?"

Zaka makumi anayi za kulemba, makope odzaza sutikesi, ndipo pa tsiku limodzi lokhalo limene munthu wamoyo adawafuna, munalibe ngakhale mzere umodzi wothandiza. A Chakufwa adamva manyazi mpaka m'mapazi.

"Kandipezereni munthu amene adaona matupi awo," adatero dokotala. "Lachisanu mubwere naye mwanayu timuunike m'mimba."

Munthuyo a Chakufwa ankamudziwa, ndipo n'chifukwa chake adayenda mokoka miyendo. Anali Ezeliya, msuweni wawo, amene amagulitsa fodya wa mphuno pamsika. Ndi iye amene wakhala akusambitsa maliro a akazi m'midzi yomweyo zaka zomwezo. Kuwerenga sadziwa, koma pakamwa pake, ambuye! Awiriwa akhala akunyozana chiyambire ali ana.

"Asuweni!" adakuwa Ezeliya atawaona. "Kodi ndafa? Mwabwera kudzandilemba? Mulembe kuti ndinali wofatsa."

A Chakufwa adakhala pa njerwa n'kufotokoza. Ezeliya adasiya kuseka, adanunkha fodya wake, adayetsemula.

"Inu mumasambitsa akufa ndi bolopeni, ine ndi madzi. Mverani tsono. Amayi anu ndidawasambitsa ndili wothandizira chabe. Mimba inali ngati ya mapasa, chitenje sichidakumane. Uku ndi uku m'mbali munali zolimba ngati maungu. Sofia chimodzimodzi, ndidachita kuzindikira ndi manja. Amalume anu a Yakobo amene adawasambitsa ndi malemu amuna anga, adabwera akunena zomwezo, mpaka bokosi adachita kuliwonjezera thabwa."

"Koma Sofia unali mdulo," adatero a Chakufwa, mawu atachepa.

"Eti? Nanga a Yakobo adawadula ndani, akazi awo atagona kumanda zaka zinayi? Nanga amayi anu? Bambo anu aja sitiroko itawapinda, ngakhale kuseri tinkachita kuwanyamula. Mukuti ankakwawa kupita kwa chibwenzi?"

"Bwanji simudanene nthawi yonseyi?"

"Mudandifunsa? Inu mumafunsa kuti adabatizidwa liti."

Lachisanu makina adaonetsa zimene manja a Ezeliya ankadziwa kale. Impso zonse ziwiri za Victoria zinali zazikulu, zodzaza timatumba ta madzi. Dokotala adafotokoza pang'onopang'ono kuti matendawa munthu amabadwa nawo, amawatengera kwa kholo limodzi. Mwa ana a kholo lotere ena amatengera, ena ayi. Si mdulo, si ufiti, ndipo mwamuna alibe nawo mbali. Ochiziratu palibe, koma kwa Victoria adziwika msanga. Azimwa mankhwala a bipi tsiku lililonse, azibwera kudzayezedwa, achepetse mchere, ndipo ana ake awiri adzaonedwe akadzakula.

A Chakufwa nawo adawagoneka pa bedi lomwelo, jekete ili pa msomali. Impso zawo zinali zosalala bwinobwino. Ezeliya atamva adati n'zoona, ngakhale matenda amasankha pokhala.

Loweruka ankhoswe adabwera, a mbali zonse, nkhope zili gwa. Owen adakhala patali pa mpando wa ndalema, chipewa cha njinga chili pamaondo, atamangiratu zovala zake m'chikwama. A Chakufwa adaimirira monga amaimirira pa maliro, koma kope analibe. Adati mlandu palibe, matenda ndi a kumtundu kwawo, adachokera kwa mayi awo, ndipo mkamwini akamasule chikwama. Nkhoswe wa kuchimuna adafunsa ngati ulendo wonsewu wa kuchokera ku Nsaru aubwerera zimenezi. Adamuphera nkhuku, dandaulo lidathera pomwepo.

Anthu atabalalika, Victoria adatsala pakhonde, mapazi atawasanjika pa ndowa.

"Ndiye kuti bambo anga sadaphe munthu," adatero.

Kenaka adatembenukira kwa a Chakufwa.

"Mukandibweretsere, amalume. Inu nomwe."

Kumene Nedson anali a Chakufwa ankakudziwa, ndipo ichi ndicho chimandipsetsa mtima. Ku Thyolo sadabwerere. Zaka zonsezi anali ku Nambuma konkuno, akusoka nsapato pakhonde la golosale, pafupi mokwanira kumva za mwana wake kwa anthu a pamsika, koma osayerekeza kuponda m'mudzi.

Lolemba m'mawa Owen adawakweza a Chakufwa. Adavala jekete, adatenga kope la 1999. M'njira monse ankakonza mawu, okoma ndithu, a kukhululukirana ndi a chifuniro cha Mulungu. Atafika adapeza nkhalamba yowonda, imvi mbuu, singano ili pakamwa, ndipo mawu onse aja adathawa.

Nedson adawayang'ana nthawi yaitali, adayang'ana jekete, adayang'ana kope. Singano idagwa.

"Alamu. Mwana wanga wamwalira?"

"Ayi! Ayi, ali moyo." Apa m'pamene adazindikira kuti munthu akafika pakhomo pako atavala jekete imeneyo, ndiye kuti kwagwa zovuta. Adaivula msangamsanga, adakhala pa benchi ya makasitomala n'kunena zonse mmene zinalili, za Victoria, za makina, za Ezeliya, za mayi awo. Sadakometse kalikonse, ndipo kanali koyamba.

Nedson sadakalipe. Adaloza kope lija.

"Ndi la Sofia? Werengani. Tsiku lija mudandikhazika kutali ndi manda, sindidamve bwino."

Adawerenga. Sofia Mbewe, adabadwa chaka chakuti, adabatizidwa, anali wa kwaya, wasiya mwana mmodzi. Dzina la mwamuna munalibe. Adadwala nthawi yochepa.

"Miyezi khumi ndi inayi," adatero Nedson. "Ndinkamutembenuza kanayi pa tsiku. Ndinkamuchapira, ndinkamubereka kupita naye kuseri, fodya wa bwana adaonongeka m'munda mpaka adandichotsa ntchito. Mkazi winayo ndikadamupeza nthawi yanji, alamu?"

A Chakufwa adatulutsa bolopeni. Adakhwatcha mzere uja, pamwamba pake adalemba miyezi khumi ndi inayi, adalemba impso, adalemba kuti adamudwazika ndi mwamuna wake Nedson. Misozi idadonthera pa pepala, inki idafalikira, koma mawuwo ankawerengeka.

Nedson adalowetsa nsapato za anthu m'thumba, adalisiya kwa mwini golosale. Adafunsa ngati Victoria ndi wamtali ngati mayi ake. Kenaka adatembenukira kwa Owen, amene nthawi yonseyi adaima pafupi ndi njinga osadziwa poika maso.

"Inu ndinu apongozi anga?"

"Ndine, bambo."

"Matendawa ndi aatali, ndidawaona. Kudzabwera masiku oti anthu adzafuna womuloza chala." Adakwera pa njinga, adagwira Owen paphewa. "Akadzakuuzani kuti nyamulani bulangete muzipita, mudzakane. Ine ndidamvera."

A Chakufwa adakwera kumbuyo kwenikweni, pa chitsulo, jekete ili m'khwapa, mpaka kwa Kabudula.