Mkaka wa Mayi Fachi

Chilimwe china, maphwando a matipate atangoyamba, mkaka umene Mayi Fachi ankatigulitsa ku Machinjiri unasanduka wamadzimadzi. Mkazi wanga anawakalipira pakhomo, aneba akumva: "Mukuthiramo madzi, mayi!"

Ine zoona ndinkazidziwa, poti ndinkalemba zaulimi m'nyuzipepala. Ng'ombe yodya mapesi ouma okhaokha imasowa vitamini A wa mumsipu wobiriwira, ndipo mafuta ndi mapuloteni mumkaka amachepa.

"Bambo, zomwe ng'ombe yanga ikudya munaziona," anatero Mayi Fachi. "Tanenani."

Mkazi wanga anali atagwira m'chiuno. Ndinayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Minibasi indisiya." Ndinathamangira kusiteji nditavala patapata, tsiku loti sindinali pantchito.

Aneba onse anasiya kuwagula. Mayi Fachi amandipatsabe moni mwaulemu, ndipo ine ndimayankha ndikuyang'ana pansi.