Khodi ya imelo yanga inkapita kwa mwamuna amene anandisiya

Inu owerenga, imelo yanga ananditsegulira ndi chibwenzi, ndipo ndinatsala pang'ono kuphonya nayo ntchito. Masiku amenewo chikondi chinali chitandizunguza mutu, moti pamene iye ankaikapo nambala ya foni yake m'malo mwa yanga, ine ndinkangomwetulira ngati chitsiru. Kenako anandisiya n'kukakwatira ku Lirangwe. Ndinatsala kwathu ku Chileka nditalumbira kuti sindidzamuyankhulanso.

Chaka chatha ndinafunsira ntchito ya ukalaliki pachipatala china, ndipo anati oitanidwa ku intavyu adzawauza pa imelo. Sabata yomweyo foni yanga inagwera m'ndowa ndikuchapa. Nditapeza ina, imelo inafuna pasiwedi. Ine pasiwedi ndiidziwire kuti? Ndinayesa dzina langa, la mayi anga, mpaka la galu wathu, koma ayi ndithu. Nditadina poti ndaiwala, inandiuza kuti khodi yolowera yatumizidwa ku nambala ya mkulu uja.

Ndinamuimbira, osayankha. Uthenga umene ndinamutumizira anawerenga n'kungokhala duu. Ndinapsa mtima mpaka kulira, koma kutacha ndinadzimangirira, ulendo wa ku Lirangwe.

Pakhomo ndinapeza mkazi wake akutong'ola chimanga. Bamboyo anali kudimba, foni ataisiya patchaja. Ndinafotokoza zonse nditazyolika, ndikudikira kutukwanidwa. Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Ndiye ntchito ikupiteni chifukwa cha matama a awowo? Tumizaninso khodiyo, asisi,” anatero.

Anakatenga foni ija, khodi itangolowa n'kundiwerengera mokweza. Imelo inatseguka! Uthenga unalimo, ndipo intavyu inali mawa lake lomwelo. Abale, ndinavina pabwalo la mkazi amene ndinkamuda chikhalirecho ndisanamuone. Bamboyo pobwera ndi khasu lake anatipeza tikuseka, ine ndikufufuta nambala yake n'kuikapo yanga.

Ntchito ija ndinaipeza, ndipo ndikulemba izi ndili mu ofesi.

Choncho atsikana anzanga, ngakhale amuna nomwe, imelo muzitsegula nokha. Ngati simutha, wokuthandizaniyo aike nambala yanu, pasiwedi musankhe nokha, ngakhale akukondeni chotani. Lero lomwe taonani kuti khodi yanu imapita kwa ndani. Ine ndinapulumuka chifukwa cha chifundo cha mkazi wa mwini, ndipo si onse amene angasiye chimanga chawo kuti akuthandizeni.