Dzanja Langa Pakamwa pa Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anandipatsa ntchito yotsina ababa.

Ababa anabwerako ku Beira nkhondo itafika kale kwathu ku Ntengo-Wambalame. Kumeneko anagwira ntchito zaka zambiri pa makina opopa mafuta a galimoto, ndipo phokoso linawagonthetsa makutu. Iwo eni sankadzimva, choncho ngakhale popempha madzi akumwa ankachita ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje.

Masiku amenewo mfuti zikangolira, mudzi wonse tinkathawira m'chigwa cha nsungwi, kuseri kwa minda ya mbatatesi. Kumeneko makanda ankawatseka pakamwa ndi bere. Vuto linali ababa. Ndiye amayi anati ndizikhala pambali pawo, akangokweza mawu ndiziwatsina pamkono. Ndinkachita manyazi koopsa, makamaka anzanga akamandiseka kuti ndine mbusa wa ababa.

Tsiku lina masana, titabisala m'chigwamo, anyamata a mfuti anadutsa m'njira ya kumtunda kwathu. Tinkamva nsapato zawo ndi kuseka kwawo. Aliyense anagona chafufumimba. Ababa, poona anthu angoti zii, anadzutsa mutu.

"Kodi apita?" anafunsa, mawu onse.

Sindinawatsine. Ndinawaphimba pakamwa ndi dzanja langa lamatope n'kuwakanikizira pansi, anthu onse akuona. Mpaka lero ndimamva ndevu zawo zikundilasa m'chikhatho. Anyamata aja anaima pang'ono, kenaka anapitirira.

Titatuluka, a Nachisale, oyandikana nafe nyumba, anauza amayi kuti, "Amuna anuwa atiphetsa. Mawa akabisale kwina." Ababa sanamve, koma anaona nkhope za anthu n'kudziwa. Ine maso anali pansi.

Titafika kunyumba ababa anandiitana.

"Wachita bwino, mwanawe," anatero. "Ku Beira akapitawo ankatipatsa zotsekera m'makutu. Ife tinkangozikoloweka m'khosi, ati mwamuna saopa phokoso. Wovala tinkamuseka. Woyambitsa kusekako ndinali ine."

Kuyambira pamenepo ankakabisala okha kuphanga, ndipo anasiya kuyankhula pagulu. Nkhondo inatha, koma iwo sanayambirenso. Pamaliro, pamowa, ngakhale pakhonde pathu, ankangogwedeza mutu. Ana anga anakula osadziwa mawu a agogo awo.

Lero mwana wanga woyamba amagwira ntchito kumene amakumba gasi, kutali kumpoto. Akabwera kudzacheza ndimamufunsa ngati amatseka m'makutu, iye n'kumaseka kuti amayi mumadandaula zilizonse. Ine sindiseka. Ndinazindikira mochedwa kuti pamene ine ndinkachita manyazi ndi ababa, manyazi awo anali aakulu kuposa anga. Makutu anawataya poopa kusekedwa ndi anzawo. Koma mawu, amene ndimawalakalaka mpaka lero, anawasiya tsiku lija m'chigwa, pansi pa dzanja la mwana wawo.